Mutu Wachisanu ndi Chimodzi: Tawina ndi Seva Yopanda Katundu

1. Nyumba yozizira

Chaka chimene mliri wa korona unatseka makomo a dziko lonse, mzinda wa Dubai unakhala chete ngati munthu amene wagona masana. Misewu ikuluikulu inalibe galimoto. Fumbi la m'chipululu linkayandama pamwamba pa nyumba zitalizitali, dzuwa n'kumaoneka lotuwa ngati mwezi.

Koma ku Silicon Oasis kunali nyumba ina yopanda mawindo imene sinkagona. M'menemo ndi mmene Tawina Kachingwe ankagwira ntchito. Anali mtsikana wa ku Ntcheu, anaphunzira za makompyuta ku Blantyre, ndipo chaka chinali chisanathe chiyambire ntchitoyo.

Kunja kunkatentha ngati ng'anjo, koma m'katimo munkazizira ngati ku Dedza mwezi wa June. Tawina ankavala juzi pansi pa yunifomu. Mbali zonse kunali makabati achitsulo, ndipo m'kabati iliyonse munali bokosi lalikulu lolowetsamo maseva, makompyuta amphamvu otumikira anthu ambiri, opyapyala, oimirira mogundana ngati mabuku a nyimbo pa shelefu ya kutchalitchi. Maseva amenewa pantchitopo ankawatcha mabuleyidi. Onse a m'bokosi limodzi ankagawana magetsi ndi mphepo yowaziziritsa. Ntchito ikachuluka, ankangobweretsa buleyidi ina n'kuilowetsa pamalo otsala, monga mmene kwaya imawonjezera mpando pakabwera woimba watsopano.

M'buleyidi imodzi munkakhala makompyuta ambiri opanda thupi. Munthu sakanatha kuwagwira ndi dzanja, koma aliyense anali ndi dzina ndi ntchito yake. Ankatha kusamuka kuchoka m'buleyidi ina kupita mu ina, ngati mbalame zouluka kuchoka mumtengo uwu kukatera mu uwo. Wamkulu mwa makompyuta amenewa ndi amene ankasunga detabesi, nkhokwe ya mbiri ya odwala a zipatala zingapo za mumzindamo. Dzina la wodwala, zotsatira za kuyezedwa kwake, mankhwala amene amamuyanja ndi amene amamuwenga, zonse zinali mmenemo.

Mafani oziziritsa a m'makabati ankalira osalekeza, liwu limodzi lakuya. Tawina anali woimba alto m'kwaya ya Amalawi, ndiye ankakonda kuima pakati pa makabatiwo n'kumayala liwu lake pamwamba pa kulirako, chapansipansi. Tinyali tobiriwira tinkaphethira ngati ziphaniphani za kudambo. Nthawi zina ankachita kuiwala kuti ali m'dziko la eni.

2. Mawu a Bambo Kizito

Mainjiniya onse ankagwirira ntchito kunyumba chifukwa cha mliriwo. M'nyumba yoziziramo munkatsala anthu ochepa okha, osinthanasinthana. Mkulu wawo anali Bambo Kizito Nankwenya a ku Mulanje, amene anakalambira pakati pa makina amenewa. Analinso mkulu wa mpingo wa Amalawi umene unkasonkhana Lachisanu lililonse, tsiku lopuma kumeneko, m'kaholo kena ku Al Muraqqabat, mapemphero asanaimitsidwe.

Tsiku lina m'mawa Bambo Kizito anamuitana Tawina, chikwama chili kale paphewa. Munthu amene ankagona naye chipinda chimodzi anali atapezeka ndi kachilombo, ndipo galimoto yowatengera kumalo odzipatula inali panja. Anaima patali, masiki ili kumaso, n'kuloza buleyidi yomaliza ya m'bokosi la zipatala.

"Mwanangu, uyang'ane bwino buleyidi iyi. Ukuona kuti ikuyaka, ikudya magetsi, koma mulibe kanthu m'kati mwake. Alendo akabwera kuno amafunsa kuti bwanji tikuwononga chinthu chodula chotere. Ine ndimangoseka. Iyi sinaiwalike ayi. Inapatulidwa.

"M'Malemba timamva za mizinda imene inaikidwa padera kuti munthu wogwa m'tsoka athawireko. Msewu wopita kumeneko unkayenera kukhala wolambulidwa, chipata chili chotsegula. Masiku ambiri palibe amene ankabwera. Kodi mlonda akanati, poti lero kulibe wothawa, nditseke chipata ndiyanikepo mapira anga? Tsoka silinunkha, Tawina. Buleyidi ina ikadzafa mwadzidzidzi, makompyuta onse a mmenemo adzathamangira kuno. Akadzapeza malo, anamwino sadzadziwa n'komwe kuti kwachitika kanthu. Akadzapeza potseka, chipatala chidzachita khungu."

Tawina anagwedeza mutu. "Ndamva, bambo."

"Sunamve bwino, chifukwa sindinathe. Ndikukusiyira dzina langa lolowera m'makina ndi mawu ake achinsinsi. Sizoyenera kwenikweni, ndikudziwa, koma tatsala ochepa ndipo a Hildah, injiniya wathu, foni yawo nthawi zina sipezeka. Uzigwiritse ntchito pokhapokha nyumba ikapsa. Dzina la munthu ndi chovala chake. Ukalivala, chilichonse chimene uchite, anthu adzati ndachita ine.

"China ndi ichi. Iwe ndiwe mwana wa m'kwaya, ndiye woyesa sadzabwera kwa iwe ndi botolo la mowa. Akudziwa kuti ungamuseke. Adzabwera atanyamula chinthu chabwino, chokoma, mwina chonunkhira ngati kutchalitchi komwe. Tsiku limenelo udzadzifunse funso limodzi lokha, lakuti kodi chimene ndikufuna kupereka kwa Mulunguchi ndi changa? Ambuye salandira nsembe ya mbuzi yobwereka mwini asakudziwa."

Dalaivala analiza hutala panja. Bambo Kizito anakweza dzanja m'malo mopereka moni, n'kutuluka.

3. Pempho la Golden

Sabata imeneyo mpingo unali pa chisoni. Boniface, mphunzitsi wa kwaya, amene ankagwira ntchito ya ulonda pa hotela ina, anamwalira ndi mliriwo. Anaikidwa m'manda konkuno, anthu ochepa ataima motalikirana. Kwawo ku Mchinji mkazi wake Everlyn ndi abale anakonza zosonkhana Loweruka kuti akhuze maliro opanda bokosi.

Asanadwale, Boniface anali atapeka nyimbo yatsopano, n'kudzijambula pa foni akuiimba kuti anzake aphunzirirepo. Ndiye a kwaya anapangana kuti aliyense adzijambule akuimba mbali yake komwe ali, kenako zonse ziphatikizidwe kukhala kanema mmodzi wotumiza kwa Everlyn. Ntchito yophatikizayo anaipereka kwa Golden, mnyamata woimba kiyibodi, amene ankangokhala m'nyumba za kampani ku Al Quoz chitsekereni hotela yawo.

Lachisanu m'mawa Tawina ali yekha pa ntchito, Golden anaimba foni.

"Mayi injiniya, mwadzuka bwanji m'firiji mwanumo?"

"Tadzuka. Iwe bwanji, bwana wa ulova?"

"Usandiseke, sisi, zandivuta. Laputopu yanga yakana. Ndikangoika mawu a anthu onse pamodzi, imatentha ngati ayironi, kenako phi, yazima. Ndayesa kuiika pamwamba pa mabotolo a madzi ozizira, anzanga a m'chipinda mpaka akunditcha sing'anga."

"Ndiye uchepetse anthu."

"Ndichotse ndani? Chrissy anaimbira m'chipinda chochapira zovala, monong'ona, mwana wa madamu amene amawagwirira ntchito ali m'tulo. Rodrick anaimbira m'kanyumba ka ulonda, thukuta lili kamukamu. A Kizito omwe atumiza besi yawo kuchokera kodzipatula kuja. Undiuze woti ndimuchotse."



"Unandiuza wekha tsiku lija," anapitiriza Golden, "kuti kwanuko kuli seva imene imangokhala osagwira ntchito. Imeneyo ingamalize zimenezi iwe usanamalize kumwa tiyi."

"Imeneyo si yanga, Golden. Ndi yothawirako zinthu zikavuta kuzipatala."

"Chiyambire ntchito, zinavutapo kangati?"

"Sizinavutepo."

"Basi, khalas. Ndiye zidzavute lero, Lachisanu, aliyense ali kunyumba? Sitikuba kanthu, habibi, mnzanga wapamtima. Tikungobwereka mpando wopanda munthu. Ndi ntchito ya Mulungu imeneyi, si kanema wa pa phwando. Taganizira mlamu wathu Everlyn. Mwamuna wake sanamuone nkhope, manda ake sawadziwa. Mawa akhale pamphasa opanda ngakhale liwu lake?"

"A Kizito anandiletsa."

"A Kizito ali m'nyimbomo, akuimba besi. Yalla, tiye, ndakutumizira kachidutswa. Ungomvera kaye, kenako undikanire."

Tawina anaika timahedifoni m'makutu. Munamveka kutsokomola pang'ono, kenako liwu la Boniface, lofewa, ngati ali pambali pake pomwepo.

*Ndikamafika kutsidya, Atate, mundiyatsire nyali,*
*ndayenda tsiku lonse m'dziko la eni ake.*

Atachotsa timahedifonito, masiki yake inali itanyowa. Anamulembera Golden mawu awiri okha: "Tumiza zonse."

4. Kwaya m'bokosi lachitsulo

Dzina la Tawina linalibe mphamvu yokhudza buleyidi yomaliza ija. Anakhala pa kompyuta yoyang'anira makina onse. Kenako analemba dzina la Bambo Kizito ndi mawu awo achinsinsi. Zonse zinatseguka.

Anaichotsa buleyidiyo m'gulu la zinzake kuti ikhale payokha. Makina anamufunsa ngati akutsimikiza, n'kumuchenjeza ndi zilembo zachikasu kuti gululo litsala lopanda pothawira. Iye anavomera. Anapanga kompyuta imodzi yaikulu yopanda thupi, n'kuipatsa mphamvu zonse za buleyidiyo, n'kuthiramo zimene Golden anatumiza.

Mafani a buleyidiyo anakweza liwu. Pa sikirini panayamba kutseguka timawindo ting'onoting'ono, kamodzikamodzi, ndipo m'kawindo kalikonse munali nkhope.

Anaona Chrissy atatsamira makina ochapira, maso ali chotseka. Anaona Rodrick ndi chipewa chake cha ulonda, kumbuyo kwake kuli mpanda wa malata ndi mchenga. Ena anaimbira pa masitepe, ena m'khitchini, wina pamwamba pa bedi losanjikiza mutu ukugunda kudenga. Bambo Kizito anali pafupi ndi windo la chipinda choyera, atavala malaya awo a Lachisanu, kolala ili yowongoka. Anadzionanso yekha. Pakati pa onsewo panali Boniface, wamoyo, akumenya nthawi ndi chala.

Anthu amenewa anali asanakhale m'chipinda chimodzi kwa miyezi. Tsopano mawu awo anayamba kupezana. Soprano inalowa, tenala n'kuitsatira, besi n'kuyala pansi ngati mkeka. Kunong'ona kwa Chrissy kunakwera n'kufanana ndi mawu a anzake.

Tawina anaimirira n'kuyenda pang'onopang'ono pakati pa makabati, nyimbo ili m'makutu. Mphepo yozizira yochokera pansi inkamuwomba m'miyendo ngati ya m'mawa kumapiri a kwawo. Tinyali tobiriwira tinkaoneka ngati mudzi wa kutsidya la mtsinje, nyumba iliyonse itayatsa nyali kudikira mlendo. Zinkakhala ngati makoma a nyumbayo asungunuka, ndipo Al Quoz, Al Muraqqabat ndi Mchinji zakhala bwalo limodzi, onse ataima phewa ndi phewa popanda woopa mpweya wa mnzake. Anaimba nawo mokweza, poti panalibe womumva.

Pansi pa sikirini panali kamzere kosonyeza mmene ntchito ikuyendera. Kanadutsa pakati, kakuyandikira kumapeto.

5. Nyali yachikasu

Belu la makina linalira, lakuthwa, lobwerezabwereza. Tawina anavula timahedifoni.

Pakati pa bokosi la zipatala, buleyidi imodzi inali itasintha nyali. Yobiriwira inazima, yachikasu n'kuyaka. Mafani ake anaima. Inali buleyidi imene munkakhala nkhokwe ya mbiri ya odwala.

Anathamangira pa kompyuta. Mayina a makompyuta a m'buleyidi yakufayo anali atafiira onse. Pambali pa lililonse panalembedwa chinthu chimodzimodzi, chakuti palibe malo othawirako.

Anayang'ana kamzere ka nyimbo. Kanatsala pang'ono, mwina ngati chala chimodzi. Kuti abweze buleyidi m'gulu, anayenera kuzimitsa kompyuta ya nyimboyo, ndipo ntchito yonse ikanatayika.

Anamuimbira Golden. "Zavuta. Buleyidi ya chipatala yafa. Ndiyenera kuimitsa."

"Watsala pati?"

"Vesi lomaliza."

"Ndiye dikira, sisi. Vesi limodzi. Chipatala sichingagwe chifukwa cha vesi limodzi."

Tawina anadikira. Dzanja linali pa mausi, maso ali pa kamzere, belu likulirabe. Kamzereko kankayenda ngati nkhono.

Foni ya pa tebulo, ya makasitomala, inalira. Anali namwino wa chipatala china cha ku Deira. Ankalankhula Chingerezi mofulumira, koma osakalipa.

"Makompyuta athu onse aima. Ndili ndi mayi pano amene akubanika, sakutha kulankhula. Adokotala akufuna kumubaya jakisoni, koma tikudziwa kuti pali mankhwala ena amene amamuwenga, ndipo sitikutha kuona kuti ndi ati. Panja pali mzere wa anthu padzuwa. Mchemwali, kodi zitenga nthawi yaitali bwanji?"

Kumbuyo kwa mawu a namwinoyo Tawina anamva kupuma kwa munthu, kokoka movutikira, ngati mpweya ukudutsa m'bango.

"Zibwera tsopano lino," anatero Tawina.

Anazimitsa kompyuta ya nyimbo. Timawindo tonse tinatsekeka nthawi imodzi, nkhope ya Boniface pamodzi ndi zinzake. Anabweza buleyidi m'gulu. Makompyuta ofiira aja anayamba kulowamo mmodzimmodzi, koma nkhokwe ya odwala inachedwa, chifukwa inayenera kuyamba yadzifufuza ngati zonse zili bwino. Tawina anagwira foni ndi manja awiri, milomo ikuyenda. Ankapemphera pemphero lalifupi la anthu amene alibe chonena, longotchula dzina la Ambuye.

Potsiriza namwino anapuma mozama. "Zabwera. Ndaona. Shukran, zikomo." Anadula foni asananene ngati mayiyo ali bwanji.

Mauthenga a Golden anali atadzaza foni yake. Womaliza unkati: "Wazimitsadi? Ndiye mawa ndiwauza chiyani alamu?" Tawina anaitembenuza foniyo chafufumimba pa tebulo.

6. Funso la a Hildah

Sipanapite nthawi, foni ya pa tebulo inaliranso. Anali a Hildah, injiniya wamkulu, mayi wa ku Chipata, kutsidya kwa malire, wolankhula mwakwawo, amene ankamukonda Tawina ngati mng'ono wawo.

"Tawina, uli bwino mwana? Nakhala nikuyesa kukupeza, laini inali bize."

"Ndili bwino, anti. Ndimalankhula ndi a kuchipatala."

"Wachita bwino kubweza buleyidi ija msanga. Ukanachedwa, sinidziwa kuti tikanakamba chani. Koma nkhani yakula. A chipatala adandaula kwa mabwana, akuti panali wodwala amene anachedwa kuthandizidwa, manje amutengera ku chipatala chachikulu. Mabwana afunsa kuti n'chifukwa chani pothawira panali potseka."

Tawina anakhala pansi.

"Nayang'ana m'makina," anapitiriza a Hildah, mawu atatsika. "Buleyidi sinachoke yokha m'gulu. Anaichotsa munthu, lero lomwe m'mawa. Ndipo dzina limene likuoneka ndi la ba Kizito."

"A Kizito ali kodzipatula, anti."

"Nidziwa. Koma anapita ndi laputopu ya kampani, ndiye mabwana akuti analowa ali komweko. Ine mutu wanga wakana. Munthu uja wagwira kuno zaka zonsezi osalakwitsa ngakhale waya umodzi. Ndiye amene ananiphunzitsa ine kuti buleyidi ija sakhudza. Koma bwana watseka kale dzina lawo, ndipo akuti zikatsimikizika, ntchito yatha. Ukudziwa wekha kuti kuno ntchito ikatha, ndi chilolezo chokhalira chomwe chimapita. Munthu wamkulu ngati uja, ana ali pa sukulu kumudzi."

Tawina anakweza maso. Patsogolo pake tinyali tonse tinali titabwerera mwakale, kupatula kachikasu kaja.

"Ba Kizito foni yawo sakuyankha, kapena agona, akuti thupi layamba kutentha. Ndiye watsala ndiwe, poti unali pomwepo. Usaope, palibe amene akukuganizira. Bwana ali pa laini ina, nikulumikiza naye manje manje. Ungomuuza zimene unaona, basi."

"Anti Hildah, dikirani kaye."

Koma foni inali italira kale kachiwiri, ndipo panamveka liwu la mwamuna, lodekha, la munthu amene sazolowera kubwereza funso.

"Tawina, ndauzidwa kuti ndiwe mtsikana wokhulupirika. Ndiuze, kodi Kizito anakuuzapo chilichonse chokhudza buleyidi imeneyi asanachoke?"